Mkono wa Ba Eliya pa Dzuwa

Ba Eliya tinawaika m'manda Lachisanu, ndipo unyinji wa anthu umene unabwera sindinauonepo pa maliro alionse kuno ku Chinyunyu. Ena anachokera ku Shikabeta, ena anangotsika m'minibasi osadziwa ngakhale dzina la womwalira. Sanabwere kudzalira. Anabwera kudzaona ngati n'zoona kuti munthu wachialubino amafa, chifukwa kuno timakula tikumva kuti anthu otere samwalira, amangosowa. Pa nthawi yoona nkhope mzere unafika mpaka kunjira ya ngolo, ndipo mayi wina amene anali patsogolo panga atasuzumira m'bokosi anatembenuka n'kuuza mnzake kuti, "Alimo, mwandi. Ni beve, ni Ba Eliya." Ine ndinali kumbuyo kwake nditagwira Tisa dzanja, ndipo ndinamva maso onse akuchoka pa bokosi kubwera pa mwana wanga.

Tisa ali ndi zaka zisanu. Khungu lake ndi la Ba Eliya, ngakhale si abale athu. Ndipo pamwamba pa khutu lake lamanzere pali kachilonda, kakang'ono ngati njere ya mapira, kamene kanayamba mvula isanathe. Kamauma, kamasupuka, kamayambanso. Ndimakayang'ana akadzuka, ndimakayang'ana akamadya, akamasewera ndimamuitana ngati ndikufuna kumutuma pomwe ndikungofuna kuona khutu. Ndalemba izi chifukwa mtima ukundithamanga ndipo munthu amene ndikanamuthamangira ndi uyo tamukwirira.

Anali munthu wovuta, ndisaname. Pa dzuwa sankapereka moni. Ukakumana nawo panjira masana n'kuyamba kuti muli bwanji, ankangoloza mtengo ndi ndodo, muyende kaye chete mpaka pamthunzi, ndiye pamenepo akufunse za kunyumba mpaka nkhuku zomwe. Malaya a manja aatali, batani la pakhosi lotseka ngakhale mu Okutobala, chipewa cha mlaza chachikulu ngati lichero chimene ankaluka okha, magalasi akuda omangidwa ndi waya mbali imodzi. Ntchito ankayamba mame asanaume, dzuwa likamakwera iwo alowa kale m'chisakasa. Anthu ankati ndi ulesi. Iwo ankayankha kuti anzawo onse a khungu ngati lawo amene ankaopa kutchedwa aulesi anawaika m'manda ali anyamata. Ine sindinaonepo wachialubino wina woyenda ndi ndodo ya ukalamba. Anali iwo okha. N'chifukwa chake ndikawaona akudutsa ndinkaona Tisa atakalamba, ndipo tsiku limenelo ndinkadya bwino.

Ali mnyamata anagwira ntchito pa famu ina kufupi ndi Lusaka kumene ankalima udzu wonunkhira n'kumaphika mafuta otumiza kunja. Anawaika ku shedi yophikira chifukwa kumunda sakanatha, ndipo ankati shedi imeneyo ndi imene inawasunga. Atabwerera kuno anapanga zawo kuseri kwa nyumba: dilamu pamoto, paipi yodutsa mu mgolo wa madzi ozizira, botolo kumapeto. Ankadzaza dilamu ndi udzu wa tiyi uja wonunkhira ngati ndimu, nthawi zina masamba a bulugamu, n'kuwiritsa. Nthunzi ikazizira m'paipi inkadontha ngati madzi, ndipo pamwamba pa madziwo pankayandama timafuta tochepa, dilamu yonse osadzaza ngakhale kabotolo ka mankhwala a chifuwa. Masiku oyamba akumpingo anawatumizira akuluakulu awiri, ati mukutcheza kachasu. Ba Eliya sanakangane nawo. Anawadonthezera aliyense dontho limodzi pa lilime, ndipo akuluakulu aja anabwerera akulavula njira yonse.

Timafuta timeneto sankalola kuti tikhudze khungu tili tokha. Ankati n'taukali, timawotcha. Ankathira madontho owerengeka chabe mu mafuta a njere za mabuyu, zipatso za mlambe zija, zimene ankakazinga, kusinja ndi kuwiritsa mpaka mafuta atayandama. Amenewo ndiwo ankadzola madzulo, ndipo ukalowa m'tchalitchi unkadziwa ndi mphuno kuti afika.

Ine ndinawachimwira ndisanawadziwe. Ndili ndi mimba ya Tisa ndinakumana nawo pa chigayo, ndipo ndinachita zimene amayi anandiphunzitsa, ndinakoka bulauzi n'kulavulira pachifuwa kuti mwana asatengere. Anandiona. Tisa atabadwa azimayi ena anasiya kubwera kudzapala moto kwathu, bambo ake anapita ku Lusaka kukafuna ntchito, mpaka lero akuifunabe, ndinatsala ndi apongozi. Tsiku lina m'mawa ndinamva odi, kutuluka ndi Ba Eliya, m'manja muli kachipewa kakang'ono ngati mbale ya ndiwo.

"Mate sanagwire nchito, ai?" anatero.

Ndinafuna nthaka inditsegukire. Koma iwo anaseka, anakhala pa mpando osauzidwa, n'kutambasula manja. "Bweretsani nimuone mnzanga."

Anamuyang'ana nthawi yaitali, atamuyandikitsa pafupi ndi mphuno chifukwa maso awo sankaona patali. Kuyambira tsiku limenelo Tisa ankamuitana kuti mnzanga, ine amake Tisa, ndipo kukalipiridwa kwanga kunayamba. Bwanji mwana alibe chipewa. Bwanji diresi ilibe manja. Tisa atayamba kuyenda anamuphunzitsa kuyang'ana chithunzithunzi chake pansi, chikafupika kuposa iye mwini athawire m'nyumba, ndipo mwana ankabwera akuthamanga n'kumakuwa kuti chafupika, chafupika, anzake n'kumaseka.

Mudzi wonse unkadziwa chinthu chimodzi, kuti Ba Eliya afika pa imvi chifukwa cha mafuta awo. Inenso ndinkadziwa choncho. Ndinapita n'kugwada pansi m'chisakasa muja, ndinati ba shikulu, agogo anga, ndipatseniko amene mumadzola inuyo, enieniwo, osati ogulitsa. Anandipatsa kabotolo, koma asanakasiye m'manja mwanga anakagwira kaye.

"Amake Tisa, mvetsani bwino. Aya ni ofewetsa chabe. Mumuzoleke madzulo, mukamusambika. Dzuwa saletsa."

Ndinati nanga bwanji anthu amati amateteza. Anandiuza kuti ku famu kuja kunali mayi wina wovala khoti loyera amene ankayeza mafuta, ndipo anawauza kuti mu mafuta a zomera muli zinthu zina zotchedwa ma-antiokisidanti, dzina limene ndinaliyesa katatu iwo akuseka. Anati dzuwa likamenya khungu limayambitsa chinthu ngati dzimbiri mkati, ndipo zinthu zimenezi zimachedwetsako dzimbirilo pang'ono. Kenako analoza khasu lawo. Anati khasu lopaka mafuta limachedwa kuchita dzimbiri, n'zoona, koma ulisiye pa mvula mwezi wonse uone. Chofunika ndi kulilowetsa m'nyumba. Ine ndinamva za dzimbiri zokha, za mvula ndinazisiya pomwepo. Ndinamva zimene ndinkafuna kumva. Loshoni ya dzuwa ya ku kiliniki inkabwera, inkatha, tinkadikira, ndipo udzu m'munda sudikira.

Ogulitsa mafuta awo anali Ba Jenala, mwana wa mlongo wawo, amene ali ndi tebulo kufupi ndi kasupe wa madzi otentha kumene magalimoto a apaulendo amaima. Ba Jenala anakasindikizitsa timapepala ku Lusaka tomata pa mabotolo, tolembedwa m'Chingerezi kuti mafutawa amateteza ku dzuwa. Ba Eliya atawerengeredwa anapita ndi mpeni wosendera mbatata n'kuyamba kupala timapepala tija, botolo ndi botolo, makasitomala akuyang'ana.

"Mufuna kupha ana a anthu?"

"Ba malume, imwe muphika, ine nigulitsa. Munthu wa motoka afuna kuwerenga chinthu pa botolo. Nilembe kuti chani, kuti onunkhira chabe?"

"Lembani kuti onunkhira chabe."

Atangochoka, Ba Jenala anamata tina. Ndipo chimene Ba Eliya sankadziwa n'chakuti mafuta awo ankachepa, ndiye Ba Jenala ankaonjezera a saladi n'kufinyiramo makoko a mandimu kuti fungo lisachepe.

Munali mu Disembala, Tisa ali ndi zaka ziwiri. Loshoni inali itatha, ndinali nditadula kale chubu n'kukombeza ndi chala. Apongozi anali ku maliro ku Rufunsa, ndinalibe womusiyira mwana, ndipo chimanga chinali chitamira mu udzu. Kabotolo kaja kanali katatha, ndipo kwa Ba Eliya ndinaopa kupita chifukwa ndinkadziwa kuti akanena kuti khalani panyumba. Ndinapita kwa Ba Jenala n'kugula botolo. Ndinamudzoza Tisa kumaso, m'khosi, m'manja, mpaka kumawala, ananunkhira ngati switi, ndipo kumunda atayamba kulira ndi chipewa ndinamuvula, ndinati ali ndi mafuta. Ndinapalira mpaka dzuwa kupendeka. Tsiku limenelo anangofiira. Mawa lake kumaso ndi m'khosi kunali matuza, ena aakulu ngati chala changa chachikulu, mwana osalira n'komwe, akungotsegula pakamwa.

Ndinathamanga naye kwa Ba Eliya. Anamununkhiza m'khosi kamodzi n'kunena kuti mandimu. Sanandikalipire, ndipo kusakalipa kumeneko kunandiopsa kwambiri. Anati ku kiliniki, manje manje, osachedwa, mumufunde chitenje chonyowa.

Patapita sabata, Tisa akuchira, anatumiza mawu kuti ndibwere masana, mwana ndimusiye. Ndinapeza Ba Jenala ali kale pamenepo atakhala pa chitsa, nkhope ili pansi. Ba Eliya anamasula batani la dzanja lamanzere n'kupinda malaya mpaka pa chigongono. Aka kanali koyamba kuona mkono wawo. Kuseri kwa zikhatho ndi m'khosi munali madontho akuda ndi zokakala ngati khungwa, koma mkono uja unali woyera ngati chinangwa chosenda, wosalala ngati wa mwana, zaka zonsezo uli m'nsalu. Anatenga bolopeni n'kujambula timabokosi tinayi kuyambira pa chikhatho. M'koyamba anapaka mafuta awo enieni. M'kachiwiri a Ba Jenala a mandimu. M'kachitatu loshoni ya ku kiliniki, imene anaifinya ndi mano ku chubu chawo chotha. Kachinayi anangomanga ndi kansalu. Kenako anakokera mtondo kunja kwa chisakasa, anauvundikira, anakhala pamthunzi, mkono n'kuugoneka pa mtondo paja, pa dzuwa la masana la mu Disembala.

Ndinawayandikira n'kunena kuti, "Ba shikulu, chotsani. Nakhulupirira."

"Simunakhulupirire. Mwachita chabe mantha. Mantha amasila, amachoka mwana akapola."

Ba Jenala anati, "Ba malume, nalakwa, nizataya vonse."

"Muzataya. Khalani pansi."

Tinakhala. Nkhuku zinali chete pansi pa nkhokwe. Ndinkaona khungu lija likusintha ndikuyang'ana, likuyamba ngati munthu wachita manyazi, kenako kufiira zenizeni, ndipo thukuta linkayenderera pansi pa magalasi awo, koma mkono sanausunthe. Inakwana nthawi yopita kuchitsime n'kubwerera kawiri. Ndinalira, ndinagwada, ndinafuna kuphimba mkonowo ndi chitenje changa, anandiletsa ndi ndodo. Atakhutira anaimirira n'kunena kuti tibwerenso mkuja.

Mkuja anapindanso malaya. Pa mafuta awo enieni panali pofiira chimodzimodzi ndi pamene sanapake kanthu. Pa mandimu panali thuza limodzi lalikulu lodzaza kabokosi konse, m'mbali mwake mowongoka ngati mwalembedwa ndi rula. Pa loshoni panangofiirira pang'ono. Atamasula kansalu kaja, pansi pake panali poyera ngati palibe chinachitika.

"Ati munalekezera giledi faifi," anandiuza. "Koma ivi mungawerenge."

Ndinawerenga. Ba Jenala anapala okha timapepala tonse tsiku lomwelo, ndipo mandimu sanawakhudzenso. Pa mkono paja panatsala chipsera chakuda cha makona anayi mpaka imfa yawo. Munthu amene anabisa mkono umenewo zaka zonse anauwotcha dala chifukwa cha mwana wa mkazi amene analavula atawaona.

Ndiye n'chifukwa chake zimene ndikufuna kulemba tsopano zikundivuta.

Ndinayamba kumva ndi fungo. Pansi pa fungo la udzu wa tiyi panali lina, ngati nyama imene yagona. Mafuta ankadzola ambiri kuposa kale. Kenako ndinaona kuti pansi pa chipewa akumanga kansalu kuseri kwa khutu, ndipo ntchentche zikuwatsatira ngakhale m'tchalitchi. Ndinafunsa. Anati ndi kachipsera chabe, mlaza unawakanda. Ndinafunsanso patapita mwezi, anandikalipira, anati ndiyang'ane mwana wanga. Munthu yemwe uja wa timabokosi tinayi ankathira mafuta ake pa chilonda m'mawa ndi madzulo, mvula ziwiri, osauza munthu. Pamene Ba Jenala anawakokera ku chipatala chachikulu ku Lusaka, madokotala anati khansa ya pakhungu, yalowa kale mkati, akanabwera kachilonda kali kakang'ono akanangokachotsa. Anabwerera kudzagona m'nyumba yawo.

Ndinapita kukawaona masana ena nditaphika phala. Anali ataonda, chipewa chili pa msomali, mutu uli pamtunda kwa nthawi yoyamba. Sindinathe kudzigwira. Ndinati ba shikulu, inu munkadziwa, inu ndi amene munatiphunzitsa, bwanji?

Anati anzawo onse amene anapita ku chipatala chimenecho anabwerako m'bokosi. Ankadziwa kuti n'chifukwa chopita mochedwa, ankadziwa bwinobwino, koma miyendo inkakana. M'mawa uliwonse ankati ndione kaye sabata ino.

"Imwe sininakunamizeni, amake Tisa. Nazinamiza neka."

Anafunsa za mnzawo Tisa, ngati ali bwino, ngati khungu lili bwino. Ndinati ali bwino. Kachilonda ka pa khutu kanali katayamba kale masabata atatu. Ndinati ali bwino, ba shikulu, ndipo anamwetulira n'kutseka maso.

Tsiku la maliro Ba Jenala anandipatsa botolo lomaliza limene anapeza pansi pa bedi, anati ndi la Tisa, mnzawo wa Ba Eliya. Apongozi ataliona anasangalala. Anati dzozani pa khutupo, munthu uja anafika pa imvi ndi mafuta omwewa, ku Lusaka mukangomudulitsa mwana khutu, abwere ngati mbuzi yoikidwa chizindikiro, adzamukwatira ndani. Ndinawayankha mwaulemu kuti ayi amayi, mafutawa si a chilonda. Koma ndilembe zoona. Ndinali nditayamba kale kudzoza, ndi kabotolo kanga kakale, kuseri kwa bafa, apongozi osaona. Sista wa ku kiliniki anakayang'ana kachilondako mwezi watha, anati mwina si kanthu, pa mwana wamng'ono chonchi nthawi zambiri si kanthu, koma kachilonda kosapola pa khungu ili sitikhala nako, ndipo anandilembera kalata ya ku Lusaka. Kalatayo ndinaiika m'Baibulo. M'mawa uliwonse ndinkati ndione kaye sabata ino.

Lolemba ndinkamuveka Tisa chipewa kuti apite kukasewera, ndipo ndinadzipeza ndikuchikokera kumanzere, ndikuchipendeketsa kuti chiphimbe khutu, osati chifukwa cha dzuwa, kunali mitambo, koma kuti ndisakaone. Tisa anati amayi mukundipweteka. Manja anga ananunkha udzu wa tiyi. Ndinakhala pansi pomwepo pakhomo.

Mawa tikwera minibasi yoyamba. Chikwama ndamanga, kalata ndaichotsa m'Baibulo ili m'thumba la diresi, apongozi sakundilankhula. Sindinafikepo ku chipatala chimenecho, sindidziwa khomo lolowera, sindidziwa ngati akandifunsa m'Chingerezi, sindidziwa chimene akanene akayang'ana khutu, ndipo ndikaganiza za mpeni pa mwana wanga ndimaopa. Tikupita basi. Botolo la Ba Eliya ndaliika pa windo. Ndi la miyendo ya Tisa ikauma mu Juni, madzulo, akasamba.

Dzulo masana ndinapita ndekha kwa Ba Eliya kukabweza sefa imene ndinabwereka kalekale, ndinafika pakhomo ndisanakumbuke kuti palibe woilandira. Abale anagawana kale katundu. Kuseri kwatsala mafuwa atatu akuda ndi mulu wa udzu wophikaphika umene ukuwola, pamwamba pake pamera dzungu lokha. Mbuzi za eni ake zalowa m'dimba. Chitseko achimanga ndi waya, koma palibe chimene chikutsekera, chifukwa malata anazula Lamlungu, apita nawo ku Shikabeta. Ndinasuzumira pa windo. M'chipinda chimene ankagona mulibe bedi, mwangotsala mabowo anayi pansi pamene panali miyendo yake, ndipo dzuwa linali litadzaza chipinda chonse, khoma mpaka khoma, popanda ngakhale pangodya pothawira. Ndinaika sefa pakhonde n'kuthamangira kunyumba kukaona kumene mwana ali.